Timbale Tisanu Tomwe Tinakana Mankhwala

Pomwe ndinkanyamuka kupita ku Nairobi, sukulu ya udokotala inali itandikana kawiri. Koyamba ndinali nditangolemba mayeso a fomu folo, ndipo mapointi anga anaperewera pang'ono. Ndinakachita digiri ya bayoloje, kenaka n'kukaphunzitsa pa sekondale ina ku Dedza zaka zitatu. Kachiwiri ndinalembera ndili mphunzitsi kale, ndipo yankho linabwera la mizere iwiri yokha. Ndinapita ndekha ku ofesi yawo kukafunsa chomwe ndinalakwitsa. Mayi wina wa pawindo, ataona kuti sindikuchoka, anandiuza motsitsa mawu kuti anthu a msinkhu wanga omwe amatengedwa ndi aja okhala ndi digiri yachiwiri ya sayansi ya zachipatala, yokhoza bwino, pamodzi ndi kalata yamphamvu ya pulofesa yemwe anawayang'anira. Ndinasiya choko chaka chomwecho.

Ku Nairobi ndinafikira kwa amalume, alongo awo a mayi anga, omwe ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Upper Hill koma n'kumakhala ku Rongai. Anali munthu wosatha kubisa chimwemwe. Lamulungu lililonse Amalawi tikakumana panja pa tchalitchi, ankandigwira paphewa n'kumauza aliyense kuti, "Awa ndi adokotala athu, angotsala pang'ono." Ine ndinkangomwetulira. Chaka choyamba chinandivuta. Anzanga anali atangomaliza kumene digiri yoyamba, pomwe ine zambiri ndinali nditaiwala. Mayeso oyamba a masamu owerengetsera zotsatira za kafukufuku ndinalakwa. Yemwe anandipulumutsa anali mnzanga wa m'kalasi, mwamuna wa ku Nakuru wa msinkhu wanga, yemwe ankakhala nane masana aliwonse mpaka masamuwo analowa m'mutu. Pakutha pa chaka ndinali m'gulu la okhoza bwino. Ndinasamukira ku Pangani, m'kachipinda ka pa nyumba yosanja, poti maminibasi a ku Rongai, omwe Akenya amati matatu, ankandidyera maola ambiri tsiku lililonse.

Chaka chachiwiri chinali cha kafukufuku. Kawiri pa sabata ndinkapita ku wodi ya anthu ochitidwa opaleshoni pa chipatala china chachikulu, komwe anesi ankandipatsa timitengo ta thonje tomwe apukutira mabala okana kupola. Ku labu ndinkapaka timitengoto pa timbale tapulasitiki tokhala ndi chakudya cha mabakiteriya, n'kudikira kuti amere. Akamera ndinkaika pamwamba pake timapepala tozungulira, tating'ono ngati njere ya mphodza, tonyowetsedwa ndi mankhwala. M'mawa mwake ndinkayang'ana. Mankhwala akakhala ndi mphamvu, kuzungulira kapepala pamakhala bwalo loyera pomwe tizilombo talephera kumera, ndipo bwalolo ndinkaliyeza ndi rula. Popanda bwalo, ndiye kuti tizilombo tawakana mankhwalawo. Mtundu uliwonse wa tizilombo tomwe ndapeza ndinkausunganso m'kabotolo mufiriji, kuti wina akafuna kubwereza ntchitoyo athe kutero.

Ondiyang'anira anali apulofesa ena aakazi, aafupi, a imvi zometa, osabwereza mawu. Iwo ankaganiza kuti mankhwala awiri akale, opezeka ngakhale m'zipatala zing'onozing'ono, akaphatikizidwa angathe kupha tizilombo tomwe timakana aliwonse paokha. Ganizoli ndinkalikonda, chifukwa ndinkaona zipatala za kwathu m'maganizo. Ndipo timbale tambiri tinkavomereza. Mabwalo ankatuluka aakulu, oyera, osangalatsa kuyeza.

Koma panali tisanu. Pa timbale tisanu tizilombo tinamera mpaka kukhudza kapepala, ngati panalibe mankhwala n'komwe. Ndinabwereza, zinatuluka chimodzimodzi. Nditalowetsa manambala onse mu kompyuta, inandiuza kuti kusiyana komwe ndikuona kungathe kukhala kongochitika mwamwayi. Nditayesa kuchotsamo tisanu tija, zonse zinaima bwino lomwe. Unali mwezi wa Meyi. Sukulu ya udokotala inkatseka kulandira makalata kumapeto kwa Juni.

Ndinamufotokozera mnzanga uja tikudya chapati ndi nyemba pa kakiyosiki ka kuseri kwa labu. Anamvetsera akutafuna, kenaka n'kufunsa, "Ndi tingati?"

"Tisanu."

"Tisanu tokha ukudandaula nato chonchi? Lemba kuti munagwera zonyansa. Timbale timaipitsidwa tsiku ndi tsiku, ndani sadziwa?"

"Koma sitinaipitsidwe. Ndinabwereza."

"Ndani akudziwa kuti unabwereza?" Anapukuta zala pa kapepala. "Tamvera, iwe sukufuna kukhala wa mu labu moyo wako wonse. Ukufuna udokotala. Buku la kafukufuku wakoli akaliika pa shelefu, palibe adzalitsegulenso. Utaye chaka chifukwa cha timbale tisanu?"

Sankandinyenga ayi. Ankalankhula ngati munthu wondifunira zabwino, ndipo ndikhulupirira kuti ankandifuniradi zabwino. Masiku anayi ndinayenda nawo mawu akewo. Lachiwiri masana, ndili m'laibulale, mvula ikumenya mawindo, ndinatsegula buku langa la mu labu, momwe timalemba chilichonse chomwe tachita, ndipo pambali pa manambala asanu aja ndinalemba kuti kambale kanaipitsidwa. Cholembera chomwe ndinkagwiritsa ntchito mwezi wapitawo chinali chitatha, ndiye inki inasiyana pang'ono. Ndinaziona, koma ndinapitiriza. Ndinafufuta mizere isanu mu kompyuta, n'kukonza zithunzi za zotsatira, n'kutumiza zonse kwa apulofesa. Sizinanditengere ngakhale ola.

Yankho lawo linabwera madzulo omwewo, ndili m'matatu. Analemba kuti ntchito ndi yabwino kwambiri, ndipo kalata yanga ayamba kuilemba sabata yomweyo. Apulofesa aja sankayamikira munthu wamba. Ndinawerenga katatu, koma sindinasangalale. 

Mu labu mwathu munali bambo wina wachikulire woyang'anira zipangizo ndi firiji. Tonse tinkawatcha Mzee, momwe Akenya amalemekezera munthu wamkulu, ndipo iwo ankanditcha mwanangu, mawu omwe sindinkafunika kuwamasulira. Lachitatu m'mawa anandipeza ndikuvala magolovesi, m'manja atanyamula buku lawo la zinthu zokaotcha.

"Mwanangu, ndaona walemba kuti tisanu tinaipitsidwa. Ndiye timabotolo take tikungodzaza malo mufiriji. Nditiotche Lachisanu?"

Zinthu zotayidwa mu labu zimayamba zaphikidwa m'chimphika chachitsulo cha nthunzi yotentha kwambiri, kuti tizilombo tife. Chomwe chalowa m'menemo sichibwereranso. Ndinadziwa kuti timabotolo tija tikapsa, palibe angadzatsutse zomwe ndinalemba.

"Eya, Mzee, otchani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, pamwamba pa magalasi awo. Kenaka anatembenuza bukulo n'kundipatsa cholembera. "Saina apa." Ndinasaina. Dzanja silinanjenjemere, ndipo mpaka lero chimenecho chimandichititsa manyazi kuposa china chilichonse.

Lachisanu m'mawa ndinapita ku wodi kukasiya mafomu otsiriza. Nesi wamkulu wa pa wodiyo, mayi wojintcha yemwe nthawi zonse ankayenda ngati wachedwa, anandiimitsa pakhomo.

"Inu a mabakiteriya, tabwerani kuno. Mayi uja wa bedi la kuwindo akadali pompano, sabata yachisanu ndi chimodzi tsopano. Chilichonse chomwe tampatsa chikukana. Kwanu kuja munapeza chiyani?"

Ndinawakumbutsa kuti zotsatira zochizira odwala zimachokera ku labu ya chipatala, zanga ndi za kafukufuku chabe. Anati akudziwa, angofuna kumva. Anandiwerengera nambala ya pa fomu ya mayiyo. Sindinafunike kuyang'ana pa pepala langa. Manambala asanu aja ndinkawadziwa pamtima, ndipo iyi inali yachitatu.

"Tiyeni mukaone nokha, ndikupita kukatsuka bala," anatero, akukankha kangolo ka mabandeji.

Ndikanatha kukana, koma miyendo inangotsatira. Anali mayi wamng'ono kwa ine, yemwe anabereka mwa opaleshoni. Khanda linali litagona pambali pake, lonenepa bwino, litakula kale kuposa makanda a m'chipatala. Nesi atachotsa bandeji, fungo linandifika ndisanaone bala. Linali lotseguka mbali imodzi, m'mphepete mwake mofiira, mkati mukutuluka mafinya. Mayiyo sanalire. Anangogwira chitsulo cha bedi, maso ali kudenga. Nesi atamaliza, mayiyo anaona gawuni yanga yoyera n'kuyesa kuti ndine dokotala.

"Daktari, nitapona?" Ankafunsa ngati achira.

Chiswahili changa chinali chokwanira kumva funsolo. Nesi ndiye anamuyankha, akumukonzera pilo. Ine ndinaima pomwepo ndikuganiza chinthu chimodzi chokha: m'buku lomwe ndinatumiza Lachiwiri, mayi uyu mulibe. Dokotala wina wa pa chipatala chakumudzi atawerenga zomwe ndinalemba, angampatse munthu wotere mankhwala awiri aja n'kukhala phee kudikira kuti agwire ntchito.

Ndinayang'ana nthawi pa foni. Inali itangodutsa teni koloko. Mzee ankayatsa chimphika chija leveni koloko.

Ndinawaimbira, foni yawo inangoitana. Ankaisiya m'thumba la jekete akavala gawuni. Ndinathamangira pamsewu n'kukwera matatu, koma tisanapite patali tinalowa mu mzere wa magalimoto osasuntha, poti mvula ya usiku inali itadzaza madzi pa mphambano ina. Ndinapirira mphindi khumi, kenaka ndinauza kondakitala kuti anditsitse pomwepo. Ananyinyirika, koma anatsegula chitseko. Ndinaimitsa njinga yamoto, chinthu chomwe amalume anandiletsa kuyambira tsiku lomwe ndinafika. "Haraka, tafadhali," ndinamuuza woyendetsa kuti afulumire, ndipo anandimvera mopitirira muyezo. Tinkadutsa pakati pa mabasi, mawondo anga akukhula zitsulo, matope akundithovukira mpaka m'chiuno.

Ndinafika mphindi makumi awiri zitadutsa pa leveni. Ndili m'khonde ndinamva kale chimphika chikufwenthera nthunzi. Mzee anali atakhala pa mpando wawo akumwa tiyi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zamatope.

"Mzee, timabotolo tija."

"Wachedwa," anatero. Anamwa tiyi kawiri, ine nditatsamira chitseko. Kenaka anaimirira, n'kupita ku firiji, n'kugwada, n'kutulutsa kabokosi komwe kanali pansi penipeni kuseri kwa zinthu zina. Anakatsegula. Timabotolo tisanu tinali momwemo.

"Lachitatu lomwe lija ndinatipaka pa timbale tanga," anatero. "Ndakalambira m'chipinda chino ndikuona timbale toipitsidwa. Iti n'toyera."

"Mwawauza apulofesa?"

"Si nkhani yanga yokanena. Koma Lolemba masana amabwera kudzasaina buku la zootcha. Akandifunsa chifukwa chomwe izi sizinapse, sindinama." Anabwezera kabokosiko. "Pita ukasambe, mwanangu."

Loweruka ndinapita ku Rongai monga mwa masiku onse. Sindinadye bwino, ndipo aanti anandifunsa kawiri ngati ndili ndi malungo. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, amalume anauza anthu kuti kalata ya apulofesa ili m'njira. Bambo wina anandigwira chanza n'kunena kuti akadzadwala adzandifunafuna. Pobwerera, aanti ndi ana atatsika kukagula masamba pa msika, ndinatsala ndi amalume m'galimoto, ndipo ndinawauza zonse ndikuyang'ana kutsogolo.

Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Kenaka anati, "Iwe, unapenga?"

"Ndinalakwitsa, amalume."

"Kulakwitsa n'kumeneku? Mayi ako ndikawauza chiyani?" Anapumira m'mwamba. Atalankhulanso, mawu anali atatsika, ngati a mu ofesi. "Chabwino. Zachitika. Tamvera tsopano. Usakanene kuti unachita dala. Ubwezeretse manambalawo, uwalembere apulofesa kuti unasokoneza timbale powerenga, wazindikira wekha, wakonza. Sunabe, sunaphe munthu. Ukakalowa muja n'kukati ndinanama, akuchotsa sukulu, ndipo palibe sukulu ya udokotala ingadzakuyang'anenso."

"Nanga bambo aja a mu labu?"

"Iwo akufuna chilungamo cha manambala. Manambala akabwerera, nkhani yatha."

Sanali munthu woipa amalume. Ankandiopera, ndipo zomwe ankanenazo zinali zotheka ndithu. Madzulo onse ndinaziganizira, mpaka ndinayamba kulemba uthengawo pa foni. Ndinafika pa mawu oti ndinasokoneza, n'kuima. Limeneli likanakhala bodza lachitatu m'sabata imodzi, ndipo lililonse linkabwera mosavuta kuposa linzake. Chimenecho ndi chomwe chinandiopsa. Ndinafufuta uthengawo.

Lolemba ndinafika pa ofesi ya apulofesa iwo asanafike. Ndinadikira m'khonde, buku la mu labu lili pachifuwa. Atabwera anandimwetulira, chinthu chosowa, n'kunena kuti ndilowe. Ndinakana mpando. Ndinatsegula bukulo pa tsamba lija, n'kuliika pa tebulo pawo.

"Apulofesa, timbale tisanu iti sitinaipitsidwe. Ndinalemba zimenezi sabata yatha, nditaona kuti tikuononga zotsatira. Zomwe ndinakutumizirani si zoona."

Sanandiyang'ane. Anavala magalasi, n'kuwerenga tsambalo pang'onopang'ono, chala chikuyenda pa mzere uliwonse. Anatembenuza masamba a m'mbuyo, n'kubwereranso. Panja wina ankakolopa, ndipo ndinkamva chidebe chikukokedwa pansi. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati.

"Timabotolo take tilipo?"

"Tilipo. Ndinasaina kuti tiotchedwe, koma Mzee sanaotche."

"Pali china chomwe unasintha?"

"Palibe."

"Ndingadziwe bwanji?"

Ndinalibe choyankha. Iwo anagwedeza mutu ngati kusayankhako ndiye yankho lomwe ankayembekeza.

"Anakupangira nzeru imeneyi ndani?"

"Palibe. Ndinachita ndekha."

Anandiyang'ana koyamba. Kenaka anatembenuza kompyuta yawo kuti ndione. Panali kalata yanga, yomalizidwa, ya tsamba limodzi ndi theka. Ndinangoona mawu awiri atatu asanaitseke.

"Ndinaimaliza Loweruka," anatero. "Chaka chino sinditumiza kalata iliyonse ya iwe. Mwayi wako ndi woti buku la kafukufuku wako silinapite kwa oyesa mayeso, likadali m'manja mwanga. Komabe ndilembera mkulu wa dipatimenti lero lomwe, ndipo chomwe akagamule sindikuchidziwa. Akakulola kupitiriza, ubwereza zonse. Osati tisanu tokha, tonse, kuyambira koyamba. Kambale kalikonse uziyeza iwe, Mzee aziyezanso, nonse muzisaina." Anatseka buku la mu labu lija n'kulikankhira kwa ine. "Ukudziwa chomwe chandipweteka? Ganizo lija linali langa. Ukanandibweretsera tisanu timeneti, ndikanakhumudwa tsiku limodzi, kenaka tikanayamba kufufuza chifukwa chake. Unaganiza kuti ndikufuna kumva zondikomera zokha?"

Ndinatuluka osalira. Ndinakalirira m'chimbudzi cha pansi, komwe mpopi wake unkangotayikira, kotero palibe anandimva.

Ndinadikira masabata awiri kuti komiti ya dipatimenti ikumane. Masiku amenewo ndinkapita ku labu osaloledwa kugwira kanthu, n'kumangokhala pa mpando.  Tsiku la komiti anandiitana m'chipinda momwe munali anthu anayi, n'kundifunsa mafunso omwewo m'njira zosiyanasiyana kwa ola lathunthu. Funso loti anandiuza ndani linabweranso, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Anandipatsa kalata ya chenjezo yomwe inalowa m'faelo yanga, n'kundilola kupitiriza.

Juni anatha ndili ndi rula m'manja. Tsiku lotseka kulandira makalata ndinaliona likudutsa pa kalendala ya pakhoma la labu, ndipo palibe ananenapo kanthu. Miyezi itatu ndinabwereza ntchito ya chaka chonse, Mzee ali pambali panga. Sanatchulepo nkhani ija ngakhale kamodzi. Tikasiyana pa muyezo ankangoti, "Yezanso." Timbale tina tonse tinatuluka monga kale. Tisanu tija tinakananso.

Amalume anakhala pafupifupi mwezi osandiimbira. Nditayambiranso kupita ku Rongai ankandifunsa za mvula ndi za matatu basi, ndipo ku tchalitchi ankangoti ndikumaliza sukulu. Mayi anga ndinawauza pa foni kuti ndachedwa ndi chaka chifukwa cha cholakwa changa. Anafunsa ngati ndadwala, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndili ndi pakati, ndinati ayi. "Basi, zinazo udzandiuza ukadzabwera," anatero.

Mnzanga wa ku Nakuru anayamba kundizemba. Tikakumana m'khonde ankapereka moni akuyenda. Tsiku lina anandipeza ndekha pa masitepe n'kundifunsa mwachangu ngati ndinamutchula. Nditati ayi, anati zikomo, n'kutsika. Anamaliza pa nthawi yake, anakhoza bwino kwambiri. Za timbale take sindikudziwa kanthu, ndipo sindinafunsepo. Ngati ndinachita bwino kukhala chete, mpaka lero sindinapeze yankho.

Mayi wa bedi la kuwindo anatuluka m'chipatala mu Julaye. Nesi uja anandiuza kuti anachitidwanso opaleshoni ina, ndipo sadzaberekanso, koma anapita kwawo akuyenda yekha, mwana ali kumbuyo.

Ndinakaimirira pamaso pa oyesa mayeso mu Okutobala. Zomwe ndinalemba tsopano zinali zofatsa: kuti mankhwala awiriwo amathandiza pa tizilombo tambiri koma osati tonse, ndipo sayenera kuperekedwa popanda kuyeza kaye. Woyesa wochokera ku yunivesite ina anathera theka la nthawi pa timbale tisanu tija, akufuna kudziwa chomwe chinkatipatsa mphamvu. Mafunso ena ndinayankha, ena ndinavomera kuti sindikudziwa. Ndinakhoza, koma osati pamwamba pomwe ndinkalota.

Apulofesa anandisunga mu labu ngati wothandizira pa kafukufuku wina. Sitinkacheza. Mu Epulo chaka chotsatira anandiitana n'kunena kuti, "Ukalembera chaka chino, kalata ndilemba. Koma ndilembamo zonse, zabwino ndi zinazo. Ukufunabe?" Ndinapempha tsiku limodzi loti ndiganize, ngakhale panalibe wina woti angandilembere. M'mawa mwake ndinavomera. Kalatayo sindinaione.

A ku sukulu ya udokotala anandiitana ku mafunso a pa kompyuta. Ndinakhala m'kalasi lopanda anthu, nditatsamiritsa laputopu pa mabuku, kolala ya bulauzi itanyowa ndi thukuta. Ofunsa anali atatu. Awiri anafunsa zomwe ndinakonzekera. Wachitatu, dokotala wachikulire yemwe anali asanalankhule, ananyamula pepala n'kunena mu Chichewa, "Apulofesa anu akunena za timbale tisanu. Tafotokozani, mayi."

Ndinafotokoza monga ndafotokozera pano, kungoti mwachidule. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anafunsa, "Mukanapanda kupita ku wodi tsiku limene lija, mukanaulula?"

Yankho lokoma linali pa lilime. Ndinaona nkhope yanga pa kangodya ka kompyuta, ikudikira nawo.

"Sindikudziwa, adokotala. Ndikuganiza kuti ayi."

Analemba kanthu. Mmodzi mwa awiri aja anayang'ana mnzake. Anandithokoza, chithunzi n'kuzima. Ndinatsala m'kalasimo ndikudziwa kuti ndadzitsekera ndekha chitseko.

Patapita masabata asanu ndi limodzi kunabwera imelo yoti sindinatengedwe, koma dzina langa lili pa mndandanda wa odikira, ngati wina angasiye malo. Sananene kuti ndine wachingati. Ndinayamba kufunsira ntchito za uphunzitsi.

Foni inalira mu Ogasiti, ndili m'matatu a ku Pangani, nyimbo zikugunda mpaka mipando kunjenjemera. Nambala inali ya kwathu. Ndinkangomva mawu a mayi wina akutchula dzina langa, zina zonse osamveka. Ndinamenya denga la matatu kuti aime, n'kutsika pamalo pomwe sindinkapadziwa, pafupi ndi ogulitsa matayala. Foni inali itaduka. Ndinaimbanso kawiri, osalowa. Kachitatu anayankha a ku sukulu ya udokotala. Wina anali atasiya malo, ndipo maphunziro ankayamba pakatha masiku khumi ndi awiri. Ankafuna yankho langa tsiku lomwelo.

Ndinakhala pa tayala lina, mwini wake akundiyang'ana modabwa, n'kuimbira mayi anga. Anali kumunda wa kudimba, ndinkamva mphepo pa foni.

"Ndiye zaka zingati zimenezo?" anafunsa.

"Zisanu, amayi."

"Zisanu zinanso." Ndinadziwa kuti akuwerengera msinkhu wanga. "Chabwino. Koma usapitirire. Udzere kuno kaye, ugone masiku awiri, undiuze zomwe zinakuchedwetsa zija."